Kutsatira kusintha kwa nyengo pamalo amodzi: poyambira, zolemba ndi zomwe zimasokoneza

Aliyense amadziwa kuti mitengo imayoyoka masamba n'kuphukiranso, koma mukamufunsa munthu tsiku limene mtengo wa pakhomo pake unaphukira chaka chatha, amayamba kukanda mutu. Akayankha amangoti "chakumapeto kwa mwezi uja", ndipo n'zotheka kuti waphonya ndi masabata awiri kapena atatu. Chikhalirecho masabata amenewo ndiwo ali ndi nkhani yonse: ndiwo amasiyanitsa chaka chimene mvula inafulumira ndi chimene inachedwa. Ntchito yolemba masiku amene zomera zimaphukira, kuchita maluwa ndi kubereka, komanso amene mbalame ndi tizilombo zimafika ndi kuchoka, akatswiri amaitcha phenology. Sifuna zida zodula. Imafuna malo amodzi, zinthu zomwezomwezo, ndi kachitidwe kosasinthasintha.

Si ntchito ya dzulo. Robert Marsham anayamba kulemba zizindikiro 27 za nyengo yophukira pamalo ake ku Stratton Strawless, m'chigawo cha Norfolk ku England, mu 1736, ndipo mbumba yake inapitiriza mpaka 1958. Ku Kyoto, ku Japan, masiku amene mitengo ya cherry imamasula maluwa akupezeka m'zolemba zoyambira mu 812. Kwa zaka mazanamazana zinkachitika chapakati pa Epulo, koma mu 2021 maluwa anamasula kotheratu pa 26 Malichi. Anthu amene ankalembawo sankadziwa kuti tsiku lina zolemba zawo zidzakhala umboni wa kutentha kwa dziko. Iwo ankangolemba tsiku ndi chimene aona.

Malo

Sankhani malo amene mungafike wapansi m'mphindi khumi kapena zosakwana. Malo okongola koma akutali amatha ndi ulesi mwezi wachitatu usanathe. Kuseri kwa nyumba, m'mphepete mwa munda, pakona ya bwalo la sukulu kapena m'mbali mwa kamtsinje, ponsepo m'pabwino, bola mwiniwake walola ndipo mukuona kuti sipamangidwa nyumba chaka chamawa.

Kukula kwake kukhale kwakuti mutha kuzungulira m'mphindi 15, mwachitsanzo mamita 30 mulitali ndi 30 mulifupi. Pakhale mitengo ingapo, udzu kapena zitsamba, ndipo ngati pali madzi, kaya ndi chithaphwi cha nthawi ya mvula yokha, mwachita mwayi. Pewani pamene anthu amathirira, pamene madzi a padenga amagwera, pafupi ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa, ndi pansi pa getsi loyaka usiku wonse. Mtengo wothiriridwa umatsatira wothirirayo, sutsatira nyengo. Khoma limasunga kutentha n'kumakutulutsa usiku, motero chomera choyandikana nalo chimafulumira kuposa chinzake cha pamtetete.

Tsiku loyamba jambulani mapu a malowo patsamba loyamba la kope. Onetsani kumpoto, njira, mitengo yonse ikuluikulu, mbali imene malowo atsetserekera, ndi mtundu wa dothi, kaya ndi mchenga, makande kapena katondo. Kenako sankhani poimirira pamodzi pamene mumaona mbali yaikulu ya malowo komanso kum'mawa kapena kumadzulo, ndipo khomanipo chikhomo. Cha chitsulo kapena mwala waukulu wopaka penti ndi zimene zimakhalitsa. Cha mtengo chimadyedwa ndi chiswe, ndipo chooneka bwino ana amachizula. Pimani mtunda wochokera pachikhomocho kufika pa zinthu ziwiri zosasuntha, monga tsinde la mtengo waukulu ndi ngodya ya nyumba, n'kulemba. Chikhomo chikadzasowa mudzachibwezera pomwepo.

Zoti muzitsatira

Apa ndi pamene ambiri amadzisenzetsa katundu woposa mutu. Mitundu itatu kapena isanu ya zomera ndi yokwanira chaka choyamba. Pamtundu uliwonse sankhani mitengo iwiri kapena itatu, yathanzi, yokhwima, yosayandikana kwambiri. Mtengo umodzi wokha ungakunamizeni, chifukwa mwina ndi wodwala kapena mizu yake inapeza madzi amene inzake ilibe. Sakanizani mitundu yamakhalidwe osiyana: wina woyoyoka masamba, wina wosayoyoka, wina wamaluwa ooneka patali. Kumene kuli mlambe ndi nsangu, iwiriyi imaphunzitsa zambiri ikakhala m'kope limodzi. Mlambe umakhala mbulanda chilimwe chonse n'kuvala masamba mvula ikayandikira, pomwe nsangu imachita zosemphana: imayoyoka mvula ikayamba, n'kubiriwira inzake itauma.

Mtengo uliwonse upatseni nambala. Dulani kachidutswa ka chitini kapena ka pulasitiki yolimba, khomani nambala ndi msomali kuti ikhale yoboola, chifukwa yolemba ndi inki imafufutika ndi dzuwa. Mangani ndi chingwe cholerera, chosiya mpata wolowa zala zitatu. Waya womanga kwambiri umalowa m'khungwa mtengo ukamakula, ndipo nthambi yopotedwa chotero imayamba kuchita zachilendo kapena kuuma kumene. Ngati dzina la mtengo simukulidziwa, musaimitse ntchito. Ulembeni "Mtengo 4", ujambuleni masamba, khungwa ndi maluwa akadzatuluka. Dzina lidzapezeka, koma tsiku lophukira likadutsa silibwerera.

Pa udzu ndi tizomera tating'ono, khomani zikhomo zinayi kupanga bwalo la mita imodzi mbali zonse. Mmenemo musapalire, musapondemo, musathiremo kanthu.

Kope: "eya" ndi "ayi"

Gwiritsani ntchito kope lachikuto cholimba ndi pensulo. Inki imayenderera pepala likanyowa. Mtengo uliwonse ukhale ndi tsamba lake, ndipo m'mwamba mwa tsambalo lembani mafunso omwewo nthawi zonse: mphukira, masamba atsopano, masamba osintha mtundu, masamba oyoyoka, maluwa omasula, zipatso zosapsa, zipatso zakupsa kapena mbewu zogwa. Kumanzere kukhale tsiku. Pafunso lililonse yankho ndi limodzi mwa atatu: "eya", "ayi", kapena chizindikiro cha funso ngati simunayang'ane kapena simukutsimikiza.

"Ayi" ameneyu ndiye msana wa ntchito yonseyi, ndipo ndi amene anthu amamunyozera. Tinene kuti mwalemba kuti pa 14 Okutobala Mtengo 2 uli ndi maluwa. Tsikulo palokha silikunena kanthu. Mwina maluwawo anamasula dzulo lake, mwina akhalapo masabata atatu inu musanakweze maso. Koma ngati pamzere wa pa 10 Okutobala pali "ayi", ndiye kuti tikudziwa kuti anamasula pakati pa 10 ndi 14, ndipo kuphonya kwathu sikungapose masiku anayi. Choncho ngakhale mtengo utakhala gwa, wopanda tsamba ngakhale limodzi kwa miyezi itatu, pitani mukalembe "ayi" mzere wonse. N'zotopetsa, inde. Koma mpata wosalemba kanthu sudziwika ngati ukutanthauza "kunalibe" kapena "sindinapite", ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi ngakhale inu mwini simudzakumbuka.

Chachiwiri, gwirizanani nokha tanthauzo la liwu lililonse, mulilembe mkati mwa chikuto, ndipo musadzalisinthe. "Mphukira" ndi pamene nsonga yobiriwira kapena yofiirira yaonekera, koma tsamba lisanatambasuke. "Tsamba latsopano" ndi limene latambasuka mpaka phesi lake kuoneka. "Duwa lomasula" ndi limene mkati mwake mukuoneka, loti njuchi itha kulowamo. Lotsekeka ngakhale litatupa chotani silinafike. Kuti nthambi imodzi yopupuluma isakusokonezeni, lembani "eya" pokhapokha chinthucho chaoneka pa nthambi zitatu zosiyana. Ndipo samalani ndi mtundu. Mitengo yambiri ya m'nkhalango za miombo imatulutsa masamba atsopano ofiira, ena ofiirira ngati uchi, mvula isanagwe n'komwe. Munthu woona patali angalembe kuti masamba akukalamba, pamene ndi akhanda. Yandikirani mukhudze: latsopano ndi lofewa ndi lonyezimira, lokalamba ndi lolimba ndipo limathothoka mukangolikoka pang'ono.

Kuchuluka musakuwerengere mwamasamu akuluakulu. Magawo anayi ndi okwanira: pang'ono, osafika theka, kupitirira theka, pafupifupi mtengo wonse. Mzere wa m'kope ukhoza kuoneka chonchi: 14 Okutobala, 6:40 m'mawa, Mtengo 2, mphukira eya, masamba atsopano eya (pang'ono), maluwa eya (osafika theka), zipatso ayi, njuchi zambiri. Nthambi za m'mwamba zikakhala patali, muziyang'ana nthambi zomwezo za m'munsi nthawi zonse, ndipo lembani kuti mukutero.

Kupita kangati

Kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, nthawi yomweyo. M'mawa dzuwa litangotuluka ndi bwino chifukwa mbalame zimakhala zikulira, mame akadalipo ndipo mapazi a tinyama sanafufutike. Nyengo ikamasintha mofulumira, monga masabata oyamba a mvula kapena pamene kuzizira kukutha, pitani kawiri kapena katatu pa sabata, popeza mtengo ungachoke pa mphukira kufika pa masamba athunthu m'masiku ochepa. Dziwani chinthu chimodzi: amene amapita pafupipafupi amaona "choyamba" msanga kuposa amene amapita mwa apo ndi apo. Ngati chaka chino mukupita tsiku lililonse pamene chaka chatha munkapita kamodzi pa masabata awiri, zidzaoneka ngati zonse zafulumira, koma amene wasintha ndinu.

Mukafika musayambe ndi pensulo. Imani kapena khalani pachikhomo chija mphindi khumi osayenda, foni ili chete. Mphindi zoyambirira zonse zimakhala zitabisala chifukwa cha kufika kwanu. Kenako buluzi amabwerera pamwala pake, mbalame zimayambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zikatha mphindizo, lembani mitambo, mbali imene mphepo ikuchokera, mame kapena nkhungu, fungo ngati lilipo. Ndiyeno yenderani mitengo motsatira nambala zake, njira yomweyo nthawi zonse.

Chithunzi

Jambulani chithunzi chimodzi muli pachikhomo, foni mutaikhazika pamwamba pa ndodo yautali womwewo, mutaloza mbali yomweyo. Sankhani chinthu chosasuntha, monga nsonga ya phiri kapena mtengo wa magetsi, kuti chizikhala pangodya yomweyo ya chithunzi. Musakokere chithunzi pafupi, ndipo dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Mafoni ambiri amakometsera okha mitundu, moti udzu wofota umatuluka wobiriwira kuposa mmene ulili. N'chifukwa chake chithunzi ndi mboni ya kope, osati mlowam'malo wake. Dzina la chithunzi liyambe ndi chaka, mwezi, tsiku, monga 2025-10-14, kuti zizindandalikana zokha.

Mvula, kutentha ndi dzuwa

Zomera zimayankha madzi, kutentha ndi kutalika kwa usana, choncho popanda kulemba zimenezi mudzangoona kuti mtengo wachedwa osadziwa chifukwa.

Choyezera mvula chapafupi ndi chitini kapena botolo lodula pamwamba, lambali zowongoka ndi pansi pafulati, loti kukamwa ndi pansi n'kofanana kukula. Kuya kwa madzi mukapima ndi rula ndiko kuchuluka kwa mvula m'mamilimita. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa bwalo la mita imodzi mbali zonse. Botolo la pansi pa mabampu limanamiza. Thiranimo simenti kapena timiyala ndi madzi mpaka pamzere umene muziyambira kuwerenga. Mvula yowaza ndi yovuta kupima ndi rula, ndiye njira yabwinopo ndi fanelo yolowetsa m'botolo. Pimani madziwo m'mamililita, gawani ndi kukula kwa kukamwa kwa fanelo m'masikweya sentimita, n'kuchulukitsa ndi 10. Fanelo ya masentimita 10 kupingasa ili ndi kukamwa kwa masikweya sentimita 78.5, motero mamililita 157 ndi mvula ya mamilimita 20. Choyezera mvulacho chiikeni chilili, chosapendekeka, patali ndi mtengo kapena nyumba kuwirikiza kawiri msinkhu wa chinthucho, ndipo kukamwa kukhale masentimita 30 kapena kuposerapo kuchokera pansi kuti madontho odumpha padothi asalowemo. Werengani m'mawa uliwonse nthawi yomweyo n'kukhuthula. Ngati mumafika kamodzi pa sabata, donthezanimo mafuta pang'ono. Amayandama pamwamba n'kuletsa madzi kuuluka ndi dzuwa. Nako kuno, tsiku lopanda mvula lembani 0.

Choyezera kutentha chikhale pamthunzi podutsa mphepo, pakati pa mita 1.25 ndi mamita 2 kuchokera pansi, umene ndi msinkhu umene a zanyengo amagwiritsa ntchito. Chikaombedwa ndi dzuwa kapena kukhomedwa pakhoma la malata chimayeza kutentha kwa chitsulocho, osati kwa mpweya. Chinyezi cha dothi chiyeseni ndi dzanja: kumbani masentimita 10 kunja kwa bwalo la udzu lija, finyani dothi m'manja, lembani ngati likumwazika, likuumbika, kapena likutulutsa madzi. Pachithaphwi zikani ndodo yolemba mizere pa masentimita 10 aliwonse.

Dzuwa ndiye losangalatsa kulitsatira, chifukwa ndi lokhalo limene silichedwa kapena kufulumira chaka ndi chaka. Muli pachikhomo, jambulani mzere wa kum'mawa mmene ukuonekera, ndi mapiri, mitengo ndi madenga ake, ndipo kawiri pamwezi ikani kadontho pamene dzuwa latulukira, n'kulemba tsiku. Mudzaona kadonthoko kakuyenda kulowera kumpoto mpaka cha pa 21 Juni, n'kubwerera kulowera kumwera mpaka cha pa 21 Disembala. Cha pa 20 Malichi ndi pa 22 kapena 23 Seputembala dzuwa limatulukira kum'mawa kwenikweni, ndipo masabata amenewo kadonthoko kamathamanga. Kumapeto kuwiri kuja kamakhala ngati kaima. Chochititsa n'chakuti dziko lapansi ndi lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.4. Onjezani ndodo ya mita imodzi yoimika chilili pamalo afulati, muziyeza chithunzithunzi chake masana pamene chafupikitsitsa. Nthawiyo si 12 koloko ndendende ayi, imasiyana malinga ndi malo ndi mwezi, ndiye yezani kangapo pakati pa 11:00 ndi 12:30 n'kutenga chachifupi koposa, ndipo ngati chikufupikabe pitirizani. Kwa amene ali pakati pa madigiri 23.4 kumpoto ndi kumwera kwa ikweta, kawiri pachaka chithunzithunzicho chimatheratu, kenako n'kutulukira mbali inayo. Dzuwalo musaliyang'ane mwachindunji likakwera.

Mbalame ndi tizilombo

Izi ndi zovutirapo kuposa mitengo chifukwa zili ndi mapiko ndi miyendo. Kusaziona lero si umboni woti kulibe. Sankhani zochepa zimene simungazisokoneze ndi zina: achule olira madzulo, nyenje, ngumbi zotuluka pachulu mvula itagwa, anamzeze, mtundu umodzi wa gulugufe. Lembani "eya" kapena "ayi" pa mphindi khumi zija zokha, osati zimene munaona panjira. Zapanjirazo zipite m'munsi mwa tsamba. Siyanitsani "ndaona" ndi "ndamva". Pa anamzeze pali msampha: ena amakhala pamalo chaka chonse, pamene ena amaswana ku Ulaya ndi ku Asia n'kuulukira kumwera kukayamba kuzizira kwawoko. Mukapanda kuwasiyanitsa, tsiku lofika alendowo simudzalipeza. Tsiku lochoka ndilo lovuta koposa, popeza mbalame sitsanzika. Mumalidziwa pambuyo, mukaona "ayi" atatu kapena anayi otsatizana, n'kubwerera pa "eya" womaliza.

Zikasokonekera

Moto ukadutsa, mbuzi zikadya mphukira, wina akatchetcha udzu kapena kusadza nthambi, lembani tsiku ndi chimene chachitika, ndipo pitirizani. Udzu wophukira palupsa wadzutsidwa ndi moto, osati mvula, ndipo mtengo wosadzidwa umaphukira nthawi yosakhala yake. Mizere yotere ikeni kanyenyezi kuti musadzaiphatikize ndi inzake. Mtengo ukafa kapena kudulidwa, wolowa m'malo mwake alandire nambala yatsopano. Mukadumpha masabata, siyani mipatayo ili choncho. Kudzaza za m'mutu kumawononga ndi zoona zomwe, chifukwa simudzathanso kusiyanitsa. Ngati wina akukugwirirani ntchito mukachoka, yendani naye kawiri kaye mukuwerenga matanthauzo aja limodzi, ndipo aliyense azilemba dzina lake pamzere wake. Kamodzi pamwezi jambulani masamba a kope ndi foni, poti kope limagwa m'madzi.

Kuwerenga zimene mwalemba

Chaka chikatha, tengani pepala lalikulu, lembani miyezi 12 m'mwamba, ndipo chinthu chilichonse chikhale ndi mzere wake wopingasa kuyambira pa "eya" woyamba kufika pa womaliza. Pansi pake ikani mvula ya sabata iliyonse. Pamenepo mudzayamba kuona zogwirizana: ngati ngumbi zinatuluka mvula yaikulu yoyamba itagwa kapena yachiwiri, ngati Mtengo 1 unadikira madzi kapena unaphukira kukadali gwa.

Poyerekeza zaka, sandutsani masiku kukhala manambala. Kuyambira pa 1 Januwale, 1 Febuluwale ndi tsiku la 32. Koma kumene nyengo ya mvula imadutsa pa chaka chatsopano, kuwerenga kotero kumaidula pakati, ndiye yambirani pa 1 Julayi; 15 Okutobala likhala tsiku la 107. Tsiku loti muyerekeze ndi lapakati pa "ayi" womaliza ndi "eya" woyamba, ndipo pambali pake lembani kutalika kwa mpatawo. Ngati chaka chino maluwa aoneka kuti afulumira ndi masiku asanu koma mpata wanu unali wa masiku asanu ndi awiri, simunapeze kusiyana kulikonse. Zaka ziwiri kapena zitatu zimangokuonetsani mmene zaka zimasiyanirana mwachibadwa. A zanyengo amatenga zaka 30 kuti anene kuti nyengo ya malo akuti imakhala yotere, choncho mafunso a m'mwamba mwa tsamba aja muwakopere m'kope lachiwiri momwe alili, liwu ndi liwu, pamodzi ndi mapu ndi miyeso ya chikhomo.